Madolo a m'dziko la maatomu: cholimba koposa, chofooka koposa ndi ena otenga zikho

Mukafunsa anthu kuti maatomu ogwirana mwamphamvu koposa amapezeka m'chinthu chanji, ambiri atchula dayamondi, ena chitsulo cha njanji. Onsewo aphonya. Chikho chimenechi chili ndi mpweya wosaoneka ndi wopanda fungo umene umatuluka pa mbaula ya makala ikamanyeka m'chipinda chotseka. Mpweyawo, kaboni monokisaidi, simungaugwire m'manja, simungamangire nawo kanthu, koma maatomu ake awiri ndi omangana kuposa a mwala uliwonse.

Nkhani yagona pamenepa. Mphamvu imene maatomu agwirana nayo ndi nkhani ina, kulimba kwa chinthu chimene apanga ndi nkhani inanso. Kuti timvetse chifukwa chake mchere umaphwanyika, golide amapindika, madzi amayenda, mafunso ndi awiri: maatomu agwirana mwamphamvu bwanji, ndipo kugwiranako kwafika patali bwanji? Dolo aliyense m'munsimu watenga chikho chifukwa cha yankho lake pa mafunso awiriwa, ndipo pafupifupi aliyense ali ndi pamene amagonjera. Madigiri onse otchulidwa ndi a Celsius.

Malamulo a mpikisano

Atomu iliyonse ili ndi phata la chaji ya pozitivi, ndipo kunja kwake kuli maelekitironi a chaji ya negetivi. Kugwirana kwa maatomu, kumene ophunzira sayansi amati bondi, ndi ntchito ya maelekitironi akunja kwenikweniwo, ndipo kumachitika m'njira zazikulu zitatu.

Yoyamba ndi kupereka. Atomu ina imataya elekitironi, ina n'kuilandira. Yotayayo imasanduka pozitivi, yolandirayo negetivi, ziwirizo n'kuyamba kukokana. Iyi ndi bondi ya ayoniki, ya mumchere. Yachiwiri ndi kugwirira limodzi: maatomu awiri amagawana maelekitironi awiriawiri. Iyi ndi bondi ya kovalenti, ya m'madzi, mu shuga ndi mu dayamondi. Yachitatu ndi kusonkha, ndipo imapezeka m'zitsulo. Zili ngati banki m'khonde: atomu iliyonse imaponya maelekitironi ake akunja m'thumba la gulu, maelekitironiwo n'kumazungulira pakati pa onse, ndipo kuzungulirako ndiko kumamanga gulu.

Palinso kukokana kwachinayi, kofooka kwambiri, kwa pakati pa molekyu ndi molekyu inzake. Molekyu ndi kagulu ka maatomu ogwirana kale ndi bondi ya kovalenti, monga maatomu atatu a madzi. Kukokana kumeneku kumaoneka konyozeka, koma pakanapanda iko nyanja kukanakhala kulibe.

1. Bondi yamphamvu koposa: kaboni monokisaidi, wotsatira ndi nayitirojeni

Mphamvu ya bondi amaiyeza poona nyonga yofunika kuidula, m'makilojulu pa mulu wofanana wa mabondi umene akatswiri amati mole. Bondi ya pakati pa makaboni awiri mu dayamondi imaduka ndi makilojulu pafupifupi 350. Ya okosijeni amene timapuma imafuna 498. Ya kaboni monokisaidi imafuna pafupifupi 1,070, ndipo palibe molekyu wamba yoposa pamenepa. Chinsinsi chake n'chakuti kaboni ndi okosijeni agawana maelekitironi 6, bondi yopota patatu.

Koma kugwiranako kwathera pomwepo, pa maatomu awiri. Molekyu iliyonse imayenda yokha, n'chifukwa chake chinthuchi ndi mpweya, ndipo sichisanduka chamadzi mpaka kuzizira kutafika madigiri 191 pansi pa ziro. Kuopsa kwake kumachokera pa kugwira kwina: ukalowa m'magazi umakakamira ku hemoglobin, chonyamula okosijeni, mwamphamvu kopitirira ka 200 kuposa okosijeni mwini wake. Wogona pafupi ndi mbaula m'nyumba yotseka samva fungo, satsamwa. Amangomva mutu kulemera, tulo n'kumutenga, mwina osadzukanso.

Wachiwiri pa mamolekyu a maatomu awiri ndi nayitirojeni, wa makilojulu 945, ndipo ameneyu amatikhudza m'thumba. Magawo 78 pa 100 aliwonse a mpweya ndi nayitirojeni. Chimanga chimene chachita chikasu m'munda chifukwa chomusowa chaima m'kati mwa nayitirojeni yemweyo, koma sichingathe kudula bondi yake yopota patatu. Oitha ndi ochepa: mphezi, mabakiteriya ena monga okhala m'timibulu ta pa mizu ya nyemba, soya, nandolo ndi mtedza, ndiponso mafakitale. Fritz Haber wa ku Germany anasonyeza mu 1909 kuti nayitirojeni angakakamizidwe kugwirana ndi hayidirojeni n'kupanga amoniya, ndipo Carl Bosch anamanga fakitale yoyamba ku Oppau mu 1913. Mpaka lero ntchitoyi imafuna kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500 ndi kupanikiza koposa ka 100 kuyerekeza ndi mpweya wotizungulira, ndipo imadya gawo limodzi kapena awiri pa 100 a mphamvu zonse zimene dziko lapansi limagwiritsa ntchito. Mlimi akamalira mtengo wa thumba la urea, zina mwa ndalamazo akulipirira kudula bondi imeneyi. Bakiteriya wa pa muzu wa nandolo amaidula m'dothi wamba, popanda ng'anjo.

2. Cholimba koposa m'chilengedwe: dayamondi

Ngati bondi ya dayamondi ndi ya makilojulu 350 okha, nanga amalimbira pati? Yankho lili pa funso lachiwiri lija. Kaboni aliyense wagwira anzake anayi, aliyense wa anayiwo wagwiranso ena, mbali zonse, mpaka mwala wonse. Dayamondi ndi molekyu imodzi yaikulu. Kuti mumukande muyenera kudula mabondi enieni, osati kungosuntha mamolekyu.

Mu 1812 Friedrich Mohs anandandalika miyala khumi poona uti ukanda uti. Talc, mwala wokandika ndi chikhadabo, anauika pa 1. Quartz, wa mumchenga, ali pa 7. Corundum, mwala wa rube ndi safiro umene umapezekanso ku Chimwadzulu m'boma la Ntcheu, ali pa 9. Dayamondi ali pa 10, ndipo mpata wa pakati pa 9 ndi 10 ndi waukulu kuposa mipata ina yonse: dayamondi ndi wolimba pafupifupi kanayi kuposa corundum.

Koma kusakandika si kusasweka. Dayamondi wamkulu koposa wa mtundu wa zokongoletsera, Cullinan, anapezeka mu 1905 pa mgodi wa Premier pafupi ndi Pretoria, wolemera makarati 3,106, amene ndi magalamu 621. Mu 1908 Joseph Asscher wa ku Amsterdam anamugawa pawiri popanda makina aakulu: anasema kamzere, anaikapo mpeni wachitsulo, n'kuumenya. Mwala unang'ambika motsata njira imene mabondi ndi ochepa. Bondi ya kovalenti imaloza mbali yake ndipo siilola kupindika. Ikalephera kupirira imangoduka. Motonso umamutha. Antoine Lavoisier anamuwotcha mu 1772, ndipo Smithson Tennant anatsimikiza mu 1797 kuti mwala wa mafumuwu ndi kaboni, m'bale wake wa makala.

Dayamondi ali ndi chikho chinanso chosatchuka: pa miyala ndi zitsulo zachilengedwe, ndiye amayendetsa kutentha mofulumira koposa, pafupifupi kasanu kuposa kopa. Koma magetsi sadutsa, poti maelekitironi onse ali pa ntchito yogwira, palibe womasuka.

3. Chopyapyala koposa: graphene, mwana wa graphite

Kaboni yemweyo akagwira anzake atatu m'malo mwa anayi amapanga graphite, mtima wakuda wa pensulo. Chodabwitsa n'chakuti mabondi a graphite ndi aafupi ndiponso amphamvu kuposa a dayamondi. Kungoti amayala mbali ziwiri zokha, m'litali ndi m'lifupi, n'kupanga timapepala tosanjikizana, ndipo pakati pa kapepala ndi kanzake pali kukokana kofooka kuja. Mukakhwatcha pensulo, timapepalato timasendeka n'kutsalira pa kope. Elekitironi yachinayi ya atomu iliyonse imayendayenda momasuka m'kapepalamo, choncho graphite amayendetsa magetsi. Alinso m'mabatire a mafoni ndi a magalimoto a magetsi, n'chifukwa chake mgodi wa Balama ku Mozambique, ndi graphite wopezeka ku Kasiya ndi ku Malingunde m'boma la Lilongwe, zakopa makampani akunja.

Mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku University of Manchester anatenga tepi womatira, anamata pa graphite, anamatula, anamatanso, mpaka anatsala ndi kapepala kamodzi kochindikala atomu imodzi. Ameneyu ndiye graphene. Kuti mufike milimita imodzi muyenera kusanjikiza timapepala totere pafupifupi 3 miliyoni. Atamuyeza ku Columbia University mu 2008, anapezeka wovuta kudula pokoka kuposa chinthu chilichonse chimene chinali chitayezedwapo, koposa ka 100 kuyerekeza ndi chitsulo chomangira. Awiriwo analandira mphoto ya Nobel mu 2010. Chofewa cha m'pensulo ndi cholimbitsitsa cha mu labotale ndi chinthu chimodzi. Zimangotengera mbali imene mwachikokera.

4. Chitsulo chopirira moto koposa, ndi chimene n'chosungunuka kale

Aluminiyamu wa mapoto amasungunuka pa madigiri 660, golide pa 1,064, kopa pa 1,085, chitsulo wamba chosasakaniza pa 1,538. Tungsten amadikira mpaka 3,422. Atomu yake imaponya maelekitironi ambiri pa ntchito yogwira, ndipo gulu limamangana zolimba. Kawaya kamene kankayaka m'mababu akale kanali ka tungsten, kakuwala pa kutentha koposa madigiri 2,000 osasungunuka. Zomuposa ndi zinthu zosakaniza monga hafnium carbide, imene akatswiri a ku Imperial College London anapeza mu 2016 kuti imasungunuka chapafupi ndi madigiri 3,960.

Kumapeto enawo kuli mercury, chitsulo chokhacho chimene chimakhala chamadzi pa madigiri 25. Kuti chiume pamafunika madigiri 39 pansi pa ziro. Atomu ya mercury imaumira maelekitironi ake akunja, imasonkha pang'ono, gulu n'kukhala lolekana. Pa tchati cha maelementi tungsten ali pa nambala 74, mercury pa 80, mzere umodzi womwewo, koma pakati pawo pali madigiri oposa 3,400. Mercury amameza golide, n'chifukwa chake okumba golide m'migodi ing'onoing'ono amamugwiritsa ntchito, ngakhale nthunzi yake imawononga ubongo ndi mitsempha. Gallium naye amasungunuka pa madigiri 29.8: kachidutswa mukakafumbata kamasanduka madzi m'manja, ndipo ku Nsanje masana a mu Okutobala sikangadikire n'komwe kufumbatidwa.

5. Woyendetsa magetsi koposa: siliva. Wosulika koposa: golide

Magetsi a m'waya ndi maelekitironi akuyenda, ndipo zitsulo zili nawo omasuka kale. Pa kutentha wamba siliva ndiye woyamba, kopa wachiwiri, golide wachitatu, aluminiyamu wachinayi. Siliva amaposa kopa ndi magawo pafupifupi 6 okha pa 100, pamene mtengo wake ndi wokwera kambirimbiri. Choncho mawaya a m'nyumba ndi a kopa, chitsulo chimene migodi ya ku Zambia imatulutsa matani oposa 700,000 pachaka. Mawaya aatali a pa mapolo ambiri ndi a aluminiyamu, amene amayendetsa magetsi mocheperako koma ndi wopepuka katatu. Golide amakutira tizitsulo ta pa SIM khadi ndi ta m'makompyuta osati chifukwa choposa kopa, koma chifukwa sachita dzimbiri.

Chikho cha golide ndi cha kusulika. Galamu imodzi ingapunthidwe mpaka kuyala pafupifupi sikweya mita imodzi, yopyapyala mwakuti kuwala kumadutsa, kukuoneka kobiriwira. Ingakokedwenso n'kukhala waya wotalika makilomita oposa awiri. Nyundo ikagwa, mizere ya maatomu imatsetsereka pamwamba pa inzake, koma bondi ya m'zitsulo siisankha wogwirana naye: kulikonse kumene atomu yafika imapeza maelekitironi a gulu ali pomwepo. N'chifukwa chake wokhoma zidebe amapinda lata, kulipindanso, osalithyola.

6. Mwana wosafanana ndi makolo ake koposa: mchere

Sodiyamu ndi chitsulo chofewa chodulika ndi mpeni. Mukachiponya m'madzi chimathetheka, nthawi zina n'kuyaka. Kolorini ndi mpweya wapoizoni umene asilikali a Germany anaumwaza ku Ypres ku Belgium mu 1915, motsogozedwa ndi Haber yemwe uja wa feteleza. Sodiyamu akapereka elekitironi imodzi kwa kolorini, ukali wa onse awiri umatha, ndipo chotulukacho timathira mu ndiwo.

Mu 1913 William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence anaunika mchere ndi X-ray n'kupeza kuti mulibe molekyu ya mchere. Sodiyamu aliyense wazingidwa ndi makolorini 6, kolorini aliyense ndi masodiyamu 6, mpaka njere yonse. Analandira Nobel mu 1915, Lawrence ali ndi zaka 25, ndipo mpaka lero palibe wasayansi amene anailandira ali wamng'ono kuposa pamenepo. Kugwirana kofalikira mbali zonseku ndiko kumachititsa kuti mchere usasungunuke pa moto mpaka madigiri 801. Chaji ikawirikiza, kukokana kumakula: magnesium oxide, mmene atomu imapereka maelekitironi awiri, imafika 2,852, ndipo njerwa zake amayalira m'kati mwa ng'anjo zosungunulira zitsulo.

Komabe mchere wa mibulu umasinjika mu mtondo popanda vuto. Musi ukagwa, mzere umodzi umasuntha pang'ono chabe, pozitivi n'kuyang'anizana ndi pozitivi, negetivi ndi negetivi. Zimene zimakokana zija zimayamba kukankhana, njere n'kusweka. Nyundo imene imayala golide imaphwanya mchere. Ukakhala wouma, mchere suyendetsa magetsi chifukwa machaji ake ndi omangika. Ukasungunuka m'madzi machajiwo amamasuka, magetsi n'kudutsa. Thukuta ndi madzi a mchere, ndiye dzanja lonyowa pa swichi ndi ngozi.

7. Wolanda koposa: fluorine, ndi choterera chimene amabala

Mu 1932 Linus Pauling anakonza muyeso wa mmene atomu imakokera maelekitironi kwa iyo. Pa muyeso umenewu fluorine ali pamwamba ndi 3.98, caesium ali chapansi penipeni ndi 0.79. Fluorine amalanda kwa aliyense: matabwa, nsalu ndi labala zimayaka zokha zikawombedwa ndi mpweya wake. Asayansi angapo anavulala, ena anafa, poyesa kumupatula payekha, mpaka Henri Moissan anakwanitsa ku Paris mu 1886.

Wolanda akakhuta amakhala phee. Bondi ya fluorine ndi kaboni, ya makilojulu pafupifupi 485, ndi yamphamvu koposa pa mabondi a maelekitironi awiri amene kaboni amamanga. Mu 1938 Roy Plunkett wa kampani ya DuPont anatsegula botolo la gasi n'kupezamo ufa woyera woterera: mizere yaitali ya makaboni yokutidwa ndi fluorine mbali zonse. Ameneyu ndiye Teflon wa m'mafulayipani osamata, chimodzi mwa zinthu zoterera koposa. Fluorine wafumbata maelekitironi ake zolimba mwakuti mafuta, dzira ngakhale asidi zimasowa pogwira. Kulimba komweko kwasanduka vuto: makemikolo a banja limeneli, otchedwa PFAS, sawola m'dothi kapena m'madzi, ndipo awiri mwa iwo, PFOS ndi PFOA, analowa pa mndandanda wa Pangano la Stockholm wa makemikolo oopsa mu 2009 ndi 2019.

8. Wophwanya malamulo koposa: madzi

Molekyu ya madzi ndi yaing'ono ndi yopepuka, ndipo mamolekyu a msinkhu umenewo amakhala mpweya. M'bale wake hydrogen sulphide, wa fungo la dzira lovunda, ndi wolemera pafupifupi kawiri, koma amawira pa madigiri 60 pansi pa ziro. Potsata mzere wa abale ake, madzi akanawira chapafupi ndi madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo mitsinje, nyanja ndi magazi athu zikanakhala nthunzi. Amawira pa 100 chifukwa okosijeni amakokera maelekitironi kwa iye, n'kusiya mahayidirojeni awiri ali ndi kachaji ka pozitivi kamene kamakoka okosijeni wa molekyu yoyandikana nayo. Kukokana kumeneku, bondi ya hayidirojeni, ndi kwa makilojulu pafupifupi 20 okha, pamene bondi ya m'kati mwa molekyu ndi ya 460. Koma molekyu iliyonse ingagwire zinzake mpaka zinayi.

Taonani ketulo pa moto. Madzi amafika powira m'mphindi zochepa, koma kuti aphwe onse pamatenga nthawi. Kusandutsa madzi owira kukhala nthunzi kumadya mphamvu yoposa kasanu imene inafunika kuwatenthetsa kuchoka pa 0 kufika pa 100, chifukwa molekyu iliyonse iyenera kumasuka kwa zinzake isanauluke. Thukuta limaziziritsa thupi mwa njira imeneyi, ndipo madzi a mumtsuko amazizira chifukwa ena amatulukira m'timabowo ta dongo n'kuuluka ndi kutentha. Poundana madzi amachitanso zachilendo: mabondi a hayidirojeni amatalikitsa mamolekyu, ayezi n'kufufuma ndi magawo 9 pa 100. Botolo lodzaza limasweka mufiriji, ndipo ayezi amayandama m'malo momira. Mabondi omwewa ndi amene amagwira zingwe ziwiri za DNA: olimba mokwanira kusunga malangizo a thupi, ofooka mokwanira kutseguka selo ikamagawikana.

9. Chofooka koposa: helium, ndi chala cha nalimata

Kukokana kofooka kuposa konse kumatchedwa ndi dzina la Johannes van der Waals wa ku Netherlands, ndipo Fritz London anakufotokoza mu 1930. Maelekitironi akamayendayenda, kwa kanthawi kochepetsetsa amachuluka mbali imodzi ya atomu, atomuyo n'kukoka yapafupi. Mu helium kukokanaku n'kochepa mwakuti amasanduka wamadzi pokhapokha pa madigiri 269 pansi pa ziro, pansi kuposa chinthu china chilichonse. Heike Kamerlingh Onnes ndiye anayamba kufika pamenepo ku Leiden mu 1908. Ngakhale mutamuziziritsa bwanji, helium sauma pokhapokha mutamupanikizanso pafupifupi ka 25 kuposa mpweya wamba. Mu 1993 akatswiri a ku University of Minnesota anapeza maatomu awiri a helium atagwirana, koma motalikirana pafupifupi ka 70 kuyerekeza ndi maatomu a molekyu ya hayidirojeni. Kumeneku ndiko kugwirana kofooka koposa kodziwika pakati pa maatomu awiri wamba.

Mphamvu yonyozeka yomweyi ndi imene imanyamula nalimata kudenga. Mukamuyang'ana pa galasi la zenera usiku, akusaka tizilombo tobwera ku kuwala, muona kunsi kwa zala zake kuli timizere topingasa. Pa timizereto pali timaubweya zikwizikwi, ndipo kaubweya kalikonse kamagawikana kunsonga kukhala timphanda mazanamazana tosaoneka ndi maso. Palibe ulimbo, palibe kuyamwa. Kellar Autumn ndi anzake ku America anasonyeza mu 2000 ndi 2002 kuti nsongazo zimafika pafupi kwambiri ndi khoma mwakuti kukokana kwa van der Waals kumayamba kugwira ntchito, ndipo poti nsongazo ndi mamiliyoni, nalimata angalendewere ndi chala chimodzi. Pochoka amapindira zala m'mwamba kuyambira kunsonga, timaubweya n'kumasuka. Pa Teflon wouma amaterereka.

Zikho zina mwachidule

Bondi yaifupi koposa ndi ya maatomu awiri a hayidirojeni: pa milimita imodzi pangakwane mabondi otere oposa 13 miliyoni.

Bondi yopota kambiri: F. Albert Cotton anapeza yopota panayi mu rhenium mu 1964, ndipo gulu la Philip Power ku University of California, Davis linapanga yopota pasanu mu chromium mu 2005.

Chitsulo cholemera koposa ndi osmium: lita imodzi imalemera makilogalamu 22.6. Chopepuka koposa ndi lithium, chimene chimayandama pa madzi.

Okana kugwirana koposa ndi helium ndi neon. M'bale wawo xenon ankaganiziridwanso choncho mpaka Neil Bartlett anamugonjetsa ku Vancouver mu 1962.

Wophonya mphoto koposa mwina ndi Gilbert Lewis, amene anafotokoza mu 1916 za kugawana maelekitironi awiriawiri. Dzina lake linaperekedwa ku Nobel ka 41, osapata kanthu. Pauling, amene anamanga pa maziko a Lewis, anatenga ziwiri payekha: ya chemistry ya 1954 ndi ya mtendere ya 1962.

Mayeso a pa chiwaya

Kaboni ndi silikoni ndi apachibale pa tchati cha maelementi, ndipo aliyense amatenga maokosijeni awiri pa atomu imodzi. Wa kaboni amatseka nkhani pa maatomu atatu, n'kukhala mpweya umene timapumira kunja. Wa silikoni amapitiriza kugwira mbali zonse, n'kukhala mchenga, wosungunuka pa madigiri pafupifupi 1,700. Mabondi onse ndi a kovalenti. Chasiyana ndi pamene kugwirako kwalekezera.

Zimenezi mungazione nokha. Ikani shuga pang'ono mbali ina ya chiwaya, mchere mbali inayo, n'kuteleka. Zonse ndi njere zoyera. Shuga, amene ndi mamolekyu ogwirana mofooka, akayandikira madigiri 186 amasungunuka, amafiira, amanunkha kupserera, kenako n'kuda. Mchere umangothetheka, n'kukhala momwemo. Chinthu chikasweka ndi nyundo, n'kuyendetsa magetsi pokhapokha chitasungunuka, ndi cha ayoniki. Chikapindika n'kuyendetsa magetsi chili chouma, ndi chitsulo. Chikagonja pa moto wochepa, ndi mamolekyu. Chikakana moto, madzi ndi mpeni womwe, nthawi zambiri ndi kovalenti yofalikira mbali zonse.

Palibe chotenga zikho zonse, chifukwa kagwiridwe kamene kamapatsa chinthu mphamvu ndi komweko kamachipatsa chofooka. Choncho mmisiri sathamangira cholimba koposa. Amasankha chimene chofooka chake sichikhudza ntchito imene ali nayo. Dayamondi amabowola thanthwe ndi kudula galasi, koma osula sadulira chitsulo, chifukwa pakatentha kaboni wake amalowerera m'chitsulomo, mano n'kutha msanga. Pa ntchito imeneyo amatenga cubic boron nitride, amene pa kulimba amabwera pambuyo pa dayamondi.